Masamu a mavoti otsala andilowa tsopano

Mtima wakhala pansi tsopano. Pa phunziro lonse la kalosera wa zisankho, funso limodzi ndi limene linandiimitsa mutu: zimatheka bwanji kuti munthu amene akutsogola ndi mavoti mazana a zikwi pakati pa usiku adzagonje, popanda wina kubera? Yankho lake ndi lalifupi mochititsa manyazi. Mavoti oyamba kulengezedwa si sample, kutanthauza kagawo kotapidwa mosakaniza bwino kuti kaimire mavoti onse.

Za margin of error (mlingo wa mmene kafukufuku angaphonyere) ndi exit poll (kufunsa anthu pamene akutuluka kovota) sindibwereza, m'kalasi mwathu tonse tinalemba kale mayeso ake. Vuto langa linali chitsanzo chimene aphunzitsi amapereka, cha thumba la mipira yofiira ndi yabuluu. Amalikhutchumula, n'kunena kuti ukatapa mipira 100 wadziwa za thumba lonse. N'zoona. Koma usiku wa chisankho cha pulezidenti palibe amene wakhutchumula thumba. Mipira imatuluka motsata mmene inasanjikirana: malo aang'ono oponyera voti amamaliza msanga, mizinda ikuluikulu imachedwa, madera akutali amatumiza zotsatira mochedwa, ndipo mavoti a pa positi amawerengedwa koyambirira kapena kumapeto malinga ndi lamulo la kumaloko. Choipa n'chakuti kusanjikiranako kumayendera limodzi ndi mmene anthu amavotera. Ndiye ngakhale awerenge mavoti mamiliyoni 50, kuchuluka kwakeko sikuwongola kupendekeka.

Chitsanzo chimene chinanditsegula maso ndi cha ku Brazil, pa 30 Okutobala 2022. Kumeneko amavota pa makina, ndipo chaka chimenecho malo onse anatseka nthawi imodzi, 5 koloko madzulo pa nthawi ya ku Brasília, kotero kusiyana kwa maola sikungakhale chifukwa. Komabe Jair Bolsonaro anatsogola kwa nthawi ndithu. Lula anadzamupitirira mavoti owerengedwa atafika cha m'ma 67 peresenti, n'kumaliza ndi 50.9 peresenti pamene mnzake anapeza 49.1, kusiyana kwa mavoti pafupifupi 2.1 miliyoni. Palibe wovota anasintha maganizo usiku umenewo, mavoti onse anali ataponyedwa kale dzuwa lisanalowe. Zotsatira za chigawo cha kumpoto chakummawa, kumene Lula anapeza pafupifupi mavoti 69 pa 100 aliwonse, n'zimene zinkalowa mochedwa.

Ku America mu 2020 zinaoneka mbali zonse ziwiri usiku umodzi. Lamulo la m'chigawo cha Florida limalola kukonza mavoti a pa positi kudakali masiku, ndiye amatuluka koyambirira. Joe Biden anaoneka bwino poyamba, koma Donald Trump n'kudzapambana kumeneko ndi kusiyana kwa mavoti oposa 370,000. M'chigawo cha Pennsylvania lamulo silinkalola kutsegula maenvulopu a mavoti a pa positi mpaka 7 koloko mmawa wa tsiku lovota. Trump anatsogola ndi mavoti oposa theka la miliyoni usiku wa pa 3 Novembala, Biden anamupitirira Lachisanu pa 6, n'kumaliza ndi kusiyana kwa 80,000 ndi kanthu. Mwa mavoti a pa positi kumeneko, pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse anali a Biden.

Njira imene ndaikonda, ndipo ndikuona ngati imaposa mapu onse amitundumitundu a pa kanema, ndi yosiya kuyang'ana amene akutsogola n'kuwerengera zimene wotsalirayo akufunika. Manambala awa ndi ongopeka. Tinene kuti tikuyembekezera mavoti 1,000,000, ndipo awerenga 700,000. A ali ndi 370,000, B ali ndi 330,000. Kusiyana ndi 40,000, otsala ndi 300,000. Phatikizani otsala ndi kusiyanako, mupeza 340,000. Gawani pawiri, 170,000. Amenewo ndiwo mavoti amene B akufunika kuti afanane ndi A, ndipo 170,000 mwa 300,000 ndi 56.7 peresenti. Mukatero funso latsala limodzi: kodi mavoti otsalawo akuchokera kumene B amapeza zoposa 56.7? Ngati ndi madera amene pa chisankho chapitacho B anapezako 65 peresenti, A akutsogola koma wagonja kale. Ngati ndi kumene anapezako 50, owonera akhoza kukagona.

Gawo lachiwiri la njirayi ndi swing, kutanthauza mmene wopikisana wakwerera kapena kutsikira poyerekeza ndi chisankho chapitacho. Tengani madera okhawo amene amaliziratu kuwerenga, muwafanizire ndi chisankho chapitacho, dera ndi dera. Mukapeza kuti B watsika ndi mapointi 3 paliponse, chotsaninso 3 pa 65 uja, mutsale ndi 62. Akadali pamwamba pa 56.7, koma mpata wachepa. Pepala limodzi ndi kakyuleta n'zokwanira, ndipo kunena zoona sindikuona chimene akatswiri a pa kanema amadziwa choposa pamenepa, kupatula kuti iwo manambala amawafikira msanga.

Pamene njirayi imaterereka ndi pa nambala ya otsala ija. Palibe amene amaidziwa ndendende usiku umenewo, imachita kuyerekezedwa kuchokera m'kaundula wa ovota ndi kuchuluka kwa amene anabwera. Pa chitsanzo chomwechi, otsala akakhala 200,000 m'malo mwa 300,000, B akufunika 120,000, imene ndi 60 peresenti. Kulakwitsa chiwerengero cha ovota kwakweza mpanda ndi mapointi atatu. Msampha wina ndi kanambala kamene kamalembedwa pakona kuti mwakuti peresenti alengeza. Funsani kaye kuti ndi peresenti ya chiyani. Ikakhala ya malo oponyera voti, malo a anthu 200 ndi malo a anthu 5,000 amawerengedwa ngati ofanana, ndiye malo 90 pa 100 akhoza kulengeza mavoti ochuluka akadali m'mabokosi. N'chifukwa chake bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press limasonyeza peresenti ya mavoti oyembekezeka. Musaiwalenso opikisana ang'onoang'ono ndi mavoti owonongeka: muwachotse pa otsala musanagawe pawiri, apo ayi B mwamupatsa dziwe lalikulu kuposa limene lilipo. Ndipo swing ya dera limene lawerenga theka siigwira ntchito. Ku Pennsylvania dera limodzi lomwelo linkaoneka la Trump pa mavoti a tsiku lovota, n'kusintha maenvulopu atatsegulidwa.

Chimene chikundipweteka n'chakuti zonsezi zikanatheka kuphunzitsidwa m'mphindi 40. Masabata amathera pa kuloweza ma formula a sample yosakanizidwa bwino, koma za sample yopendekeka aphunzitsi amangozitchula m'chiganizo chimodzi kumapeto, belu litatsala pang'ono kulira. Ukafunsa amati zimenezo ndi za chaka chamawa. Chonsecho ngakhale makampani akuluakulu a kanema anapunthwa pomwepa: mu 2000 analengeza kuti Florida watenga Al Gore, n'kubweza, kenako n'kunena kuti ndi George W. Bush, n'kubwezanso, pa mpikisano umene unathera pa kusiyana kwa mavoti 537. Nkhani ngati imeneyo bwenzi ili tsamba loyamba la phunziroli. Nthawi nayonso siikundilola, mayeso ena akuyandikira, ndipo sindinayese njirayi pa zisankho zambiri monga ndikanafunira.

Pali pamodzi pamene mutu sunakhazikike. Ku Arizona mu 2020 zinayenda chobwerera: Biden anayamba ndi mpata waukulu, kanema ya Fox News inalengeza usiku womwewo kuti wapambana m'chigawocho, kenako mpatawo unkachepa tsiku ndi tsiku mpaka kutsala 10,457. Analondola, inde, koma kodi analondola chifukwa cha masamu kapena mwayi? Ndikaika manambala oterowo pa pepala langa, amene akufunika ndi amene akuyembekezeka amasiyana ndi pointi imodzi kapena ziwiri, ndipo kulakwitsa kwa nambala ya otsala n'kwakukulu kuposa pamenepo. Mpata uyenera kukula bwanji kuti munthu atsegule pakamwa? Mapointi atatu, asanu? Ndimaganiza kuti zikudalira kuchuluka kwa magulu a mavoti amene atsala, koma mmene ndingaziikire mu formula, apo ndiye kaya.