Zimene ndaphunzira pa kukhazikitsa EDI pakati pa kampani ndi oigulitsa katundu

M'maphunziro a kagulidwe ka katundu amene ndikuchita madzulo kuno ku Lusaka tafika pa mutu wa EDI, njira imene kompyuta ya kampani yogula ndi ya kampani yogulitsa zimatumizirana zikalata zamalonda mwachindunji, popanda munthu wozilembanso. Kutumiza invoisi ya PDF pa imelo kapena pa WhatsApp si EDI, chifukwa kalaliki amayenerabe kuiwerenga ndi kulowetsa manambala ake m'kompyuta, ndipo zolakwika zambiri zimabadwira pomwepo.

Njirayi ndi yakale ndithu. Ku America, komiti yokonza muyeso wa kalembedwe ka zikalatazi wotchedwa X12 inakhazikitsidwa mu 1979, ndipo malamulo a kalembedwe ka UN/EDIFACT, yomwe ndi ya bungwe la United Nations, anavomerezedwa mu 1987 kukhala ISO 9735. Mu EDIFACT oda imatchedwa ORDERS, yankho la wogulitsa ndi ORDRSP, uthenga woti katundu wanyamuka ndi DESADV, ndipo invoisi ndi INVOIC, pamene X12 imangozipatsa manambala 850, 855, 856 ndi 810. Zikalatazi zimadutsa kwa kampani ina yapakati yomwe imalipiritsa, kapena pa intaneti mwa njira ya AS2, imene inafala kwambiri Walmart itauza oigulitsa katundu mu 2002 kuti aziigwiritsa ntchito. Zonsezi n'zosavuta kuloweza pokonzekera mayeso, ndipo akatswiri a makompyuta amazilumikiza bwinobwino.

Chimene chandidyera nthawi, komanso chimene ndikuona kuti ndicho mtima wa nkhaniyi, ndi kugwirizana kwa mbali ziwirizi pa tanthauzo la nambala iliyonse. Tiyerekeze kuti kampani ya ku Chinika yaitanitsa mafuta ophikira ndipo pa kuchuluka yalemba 40. Kwa wogula amenewa ndi makatoni, koma m'kaundula wa wogulitsa mafutawo amawerengedwa ndi mabotolo, ndipo ngati katoni imodzi ili ndi mabotolo 12, wina akudikira mabotolo 480 pamene mnzake akupakira 40. Kale kalaliki wozolowera akanaimba foni n'kufunsa, koma kompyuta siikayika, imangotumiza zimene yapatsidwa. Pamsika wa Soweto wogula chimanga amayamba waona kukula kwa meda asanakambe za mtengo, ndipo m'makampani namonso muyezo uyenera kudziwika oda yoyamba isanatumizidwe. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ndi kukhala pansi ndi wogulitsa aliyense, kuyerekeza mayina ndi manambala a katundu, miyezo, mitengo ndi malo otsitsira, kenako n'kulemba zimene mwagwirizana. Bungwe la GS1 limathandiza pamenepa ndi nambala ya GTIN yozindikiritsa katundu komanso ya GLN, ya madijiti 13, yozindikiritsa malo, kuti depoti ya ku Lusaka isasokonezedwe ndi ya ku Ndola.

Kufunika kwa zimenezi kumaonekera pa nthawi yolipira. Aofesi ya ndalama amayerekeza zikalata zitatu, zomwe ndi oda, GRN yolembedwa ndi osunga katundu atawerenga zimene zafika, ndi invoisi. Zitatuzi zikafanana malipiro amavomerezedwa msanga, koma zikasiyana ngakhale pa katoni imodzi invoisi imaimitsidwa, ndipo amene amamva kuwawa ndi wogulitsa yemwe ali ndi antchito oti awalipire pakutha pa mwezi. Kwa ine phindu lalikulu la EDI lili pamenepa, kuposa kupulumutsa mapepala kumene mabuku amakonda kutchula.

Kuno ku Zambia pali zina zimene mabuku akunja sanena. Kuyambira mu 2024 bungwe la ZRA likufuna kuti makampani olembetsedwa pa msonkho wa VAT azitulutsa ma invoisi awo kudzera mu Smart Invoice, choncho invoisi yopita kwa wogula pa EDI iyenera kugwirizana ndi imene ZRA yalandira, ikhale ndi TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) yolondola ya madijiti 10, ndipo ionetse bwino katundu wa msonkho wa 16 peresenti ndi katundu wopanda msonkhowu. Lamulo la Electronic Communications and Transactions la 2021 limavomereza mauthenga ndi siginecha za pakompyuta, komabe n'kwanzeru kuti mbali ziwirizi zisainirane pangano lonena nthawi imene oda imatengedwa kuti yalandiridwa. Dongosolo la pa intaneti la e-GP, la bungwe la ZPPA loyang'anira kagulidwe ka boma, ndi nkhani ina, chifukwa limakhudza katundu ndi ntchito zimene boma limagula.

Nkhani ya magetsi nayonso siingasiyidwe. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba tinkakhala maola ambiri opanda magetsi, ndipo pa nthawi yotere uthenga ukhoza kunyamuka koma osafika. Mauthenga otsimikiza kulandira, monga CONTRL mu EDIFACT ndi 997 mu X12, ayenera kukhala ndi munthu wowayang'ana tsiku lililonse, ndipo kompyuta iyenera kukana oda kapena invoisi yobwera kachiwiri ndi nambala yomweyo, kuopa kutumiza katundu kawiri kapena kulipira kawiri.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ogulitsa ang'onoang'ono. Kopaletivi ya alimi a ndiwo zamasamba ku Chongwe kapena wosindikiza mapepala ku Kamwala alibe ERP, pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera katundu ndi ndalama za kampani, ndipo sangathe kulipira katswiri, kotero kampani ikalamula kuti wopanda EDI asagulitse, anthu amenewa amatsekeredwa kunja ngakhale katundu wawo ali wabwino. Njira yachilungamo ndi kuwatsegulira tsamba la pa intaneti lotheka kugwiritsa ntchito pa foni, pomwe angaone oda, kuivomereza ndi kupangirapo invoisi kwaulere. M'ntchito imene aphunzitsi atipatsa ndalemba kuti kampani iyambe ndi ogulitsa akuluakulu ochepa, pa oda ndi invoisi zokha, mapepala akuyendabe pambali mpaka zotuluka zonse zitafanana, koma ndalama zokonzera tsamba la ang'onoang'onowo ndaziika m'bajeti ya gawo loyamba lomwelo.