Chidindo chomwe chinandidyera masiku atatu pa mpikisano wojambula wa mwana wanga

Tatumiza. Dzulo usiku uthenga unalowa pa imelo woti chithunzi chalandiridwa, ndipo ndinagona tulo tofa nato. Makolo anzanga akhala akundifunsa kuti ndinayenda bwanji, ndiye ndingofotokoza kamodzi.

Choyamba, werengani fomu yonse mpaka kumapeto, ngakhale timalemba tating'ono ta m'munsi tija. Ine ndinangoona bokosi lolembedwa kuti chidindo cha sukulu, basi ulendo. Lolemba ndinakwera minibasi kuchoka ku Machinjiri, kukatsika ku Limbe, kukwera ina, kufika kusukulu cha m'ma 10. Akalaliki akuti, "Mayi, chidindo chilipo koma chili m'dirowa, kiyi ali ndi ahedi." Ahedi ali kuti? Kumsonkhano. Lachiwiri ali kumaliro. Maliro sitinena kanthu, tonse timapita, koma zoona sukulu yonse kuima chifukwa cha kakiyi kamodzi? Lachitatu ndinakhala pabenchi panja pa ofesi mpaka ana anaweruka, geni yanga ya kaunjika nditamusiyira mlamu wanga yemwe sadziwa n'komwe kunenerera mtengo. Nditatopa ndinatulutsa fomu ija kuti ndizidzikupizira mphepo, maso n'kugwera m'munsi mwake. Chidindo chimafunika ngati sukulu ndiyo ikutumiza zithunzi za kalasi yonse. Kholo lotumiza palokha lingosayina basi. Ndinaseka ndekha pabenchipo ngati wopenga.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, za chithunzi chenichenicho. Mwana wanga ali sitandade 6, ndipo poyamba anajambula roketi, mwezi ndi mbendera yathu. Chokongola ndithu, koma mutu wa mpikisano ndi kafukufuku wa sayansi yemwe amachitika m'mlengalenga, osati roketi. Apa mpomwe ana ambiri aphonye. Tinagula bandulo n'kuyamba kuonera mavidiyo a chombo chija amachitcha International Space Station, chomwe chimayenda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchoka pansi pano, n'kumazungulira dziko lonse m'mphindi 90 zokha. Anthu akhala akusinthana kukhalamo kuyambira chaka cha 2000. Chomwe chinamugwira mtima n'choti mu 2015 akatswiri a m'menemo anadya letesi wolima okha m'chombomo, pansi pa nyali zofiirira, wopanda dzuwa, wopanda dimba. Iye akuti, "Amayi, nanga bonongwe sangamere?" Ndiye anajambula mzimayi akuyandama mutu pansi, akuthirira bonongwe ndi mpiru, madzi ali timipira m'malere.

Lawi la kandulo linalowa m'chithunzicho chifukwa cha kuzima kwa magetsi. Tikupaka chekeni usiku, anandifunsa kuti lawi limasongoka chifukwa chiyani. Tinapeza kuti pansi pano mpweya wotentha umakwera m'mwamba n'kulikoka lawilo, pomwe m'chombo muja mulibe kumwamba kapena pansi, ndiye lawi limangokhala kampira kobiriwira ngati thambo. Analijambula pakona. Kwa ine kalawi kameneka ndiye kokoma pa chithunzi chonse, ngakhale mwini wake amanyadira bonongwe.

Pepala likhale A4 loyera, osati long'amba mu kope la mizere. Ndipo musalipinde. Ife tinalipinda pakati kuti likwane m'chikwama, ndipo pa sikani panatuluka mzere wakuda wodutsa pankhope ya mzimayi uja. Mwana analira, n'kujambulanso Loweruka lonse. Chachiwiricho ndinachiika pakati pa makatoni awiri, n'kuchinyamula pachifuwa mu minibasi ngati khanda, kondakitala akundiyang'ana modabwa.

Sikani ndinakapangitsa m'tauni, pa kashopu kena ka zosindikiza. Mnyamata wake anayamba waipanga yakuda ndi yoyera, ndalama n'kulandira, nditadandaula akuti ya mitundu mtengo wake ndi wina. Nenani musanapereke ndalama kuti mukufuna ya mitundu, ndipo muione pa kompyuta musanachoke. Muwauzenso kukula kwa fayilo komwe fomu ikufuna, chifukwa yathu yoyamba inakana kulowa, inali yaikulu kwambiri. Zimenezinso zinalembedwa m'munsi muja momwe sindinawerenge. Werengani fomu yonse, abale.

Pali kabokosi kofotokoza chithunzi m'mawu ochepa. Musamulembere mwana. Wanga analemba yekha, ine ndinangokonza masipelo awiri. Tsiku lotsekera nalo muone kuti ola lake akuwerengera nthawi ya dziko liti, ife tinatumiza kudakali masiku awiri poopa netiweki ya kwathu kuno yomwe imathawa ikangoona mitambo.

Lero m'mawa ndikutsegula belo pamsika foni inalira. Akalaliki aja. Akuti ahedi abwera, kiyi wapezeka, ndifulumire ndi fomu ija adzadinde.