Anamukonzera ndakatulo mwini wake ali m'manda

Usiku wapitawu ndagona 1 koloko itadutsa. Ndimayerekezera ndakatulo imodzi ya Thomas Wyatt, mlakatuli wa ku England, mmene ilili m'buku lake lolembedwa pamanja lomwe likusungidwa ku British Library, ndi mmene Richard Tottel anaisindikizira ku London mu 1557. Abale, mtima wandiwawa. Mizere imene Wyatt anaisiya yokhakhala, yodukaduka ngati mawu a munthu amene wokondedwa wake wamuthawa, wina anaisalaza kuti izitsetsereka m'khutu. Mzere womaliza anausandutsa funso. Anaikaponso mutu umene mwini wake sanalembe. Apo n'kuti Wyatt atamwalira kale mu 1542, zaka 15 m'mbuyomo, ndiye akanakana bwanji?

Ndakatulozi zinkayenda pamanja kunyumba ya mfumu Henry VIII, uyu kukopera kwa uyo, amayi monga Mary Shelton n'kumalemba maganizo awo m'mphepete mwa tsamba. Tottel anasonkhanitsa 271 n'kupanga buku limodzi, koma patsamba loyamba anatchula dzina la mlakatuli wina, Henry Howard, Earl (udindo wa anthu olemekezeka ku England) wa Surrey, pomwe za Wyatt ndiye zinali zambiri, zoposa 90. Pasanathe miyezi iwiri bukulo linasindikizidwanso, ndakatulo 30 za mlakatuli winanso, Nicholas Grimald, zitachotsedwamo.

Ndikudziwa kuti pakanapanda Tottel anthu wamba sakanaziwerenga. Komabe ndikabwerera pa mzere wosalazidwa uja, sindikumvamonso kunjenjemera kwa mawu a munthu amene misozi ili m'maso, ndipo zikundipweteka mpaka m'mawa uno.