Kope langa la zitsulo latha masamba

Dzulo ndinalemba patsamba lomaliza la kope limene ndinaliyamba chaka chatha, tsiku limene ndinayamba masewera olimbitsa thupi ndili ndi zaka 16. Ndisanatsegule lina ndinakhala pansi n'kuliwerenga lonse kuyambira pachikuto. Tsamba loyamba lili ndi mizere itatu basi: mapushapu 9, kunyonyomala ka 15 popanda cholemera, kudzikoka pachitsulo chopingasa ka 0. Ziro ameneyo ndimamukumbukira bwino. Ndinalendewera pachitsulocho mikono ili njenjenje, chibwano osasendera n'komwe m'mwamba, mpaka zala zinatayilira zokha.

Pakona pa tsamba lomwelo ndinalemba kukula kwa mkono wanga nditauyeza ndi tepi: masentimita 27. Patatha milungu isanu ndi umodzi ndinayezanso. Masentimita 27 omwe aja. Koma mapushapu anali atafika 20, ndipo pachitsulo chija ndinali nditayamba kudzikoka kawiri. Zinandisokoneza mutu kwambiri. Mphamvu zimenezi zikuchokera kuti, pamene mkono ndi womwe uja? Ndinangotsala pang'ono kusiya, chifukwa chimene ndinkafuna ine ndi dzitho looneka, osati manambala a m'kope.

Funso limeneli ndi limene linandibwezera ku mabuku a sayansi ya thupi, ndipo yankho lake ndi chinthu chachikulu pa zonse zimene ndaphunzira chaka chino. Mnofu sudzikoka wokha. Umadikira uthenga wochokera ku ubongo, wodutsa mumsana, n'kufika kudzera m'mitsempha. Mtsempha umodzi umalamulira kagulu ka timaulusi ta mnofu, ndipo timagulu totero tilipo tambiri m'mnofu umodzi. Munthu amene sanazolowere kunyamula satha kudzutsa timagulu tonse pa nthawi imodzi, komanso minofu ina imene imayenera kumasuka imakhala ikulimbana ndi imene ikukoka. M'milungu yoyambirira ubongo umakhala ukuphunzira kutumiza uthenga wamphamvu, pa nthawi yake, kumalo oyenera. M'chaka cha 1979 Moritani ndi deVries anafufuza zimenezi pa anthu amene ankalimbitsa mkono umodzi wokha kwa milungu isanu ndi itatu. Anapeza kuti poyamba mphamvu zinkachokera kwambiri ku mitsempha, ndipo kukula kwa mnofu kunayamba kutenga mbali yaikulu pambuyo pake. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti ngakhale mkono umene sunkanyamula kanthu unawonjezerako mphamvu. Mkonowo sunagwire ntchito ina iliyonse, koma ubongo unali utaphunzira.

Nditamvetsa zimenezi ndinasiya kudziona ngati wolephera. Milungu isanu ndi umodzi ija sinapite pachabe. Thupi linali pasukulu, lisanayambe kumanga.

Kumangako kulinso ndi dongosolo lake. Ine ndinkaganiza kuti munthu akamanyamula, timaulusi tatsopano timamera. Zoona zake n'zakuti timaulusi timene tilipo kale ndi timene timanenepa. M'kati mwa kaulusi kalikonse muli mapuloteni awiri, actin ndi myosin, amene amakolana n'kukokana mnofu ukamafupika. Mnofu ukakokedwa mwamphamvu kuposa mmene unazolowera, thupi limayamba kupanga mapuloteni ambiri otere n'kumawaunjika m'kaulusiko. M'mphepete mwa kaulusi mumakhalanso timaselo togona, timene Alexander Mauro anatifotokoza mu 1961, ndipo timadzuka kudzathandiza kukonza ndi kukulitsa. Ntchito yomangayi imapitirira kwa tsiku limodzi kapena awiri munthu atachoka pa zitsulo. Ndiye kuti ola limene ndimakhala ku jimu ndi longopereka lamulo. Kumanga kwenikweni kumachitika ndili m'kalasi, ndikudya, ndili mtulo.

Ndikanadziwa izi msanga, mwezi wachitatu sukanandivuta chomwechija. Masamba a mwezi umenewo ndi odzaza tsiku lililonse, Lolemba mpaka Lamlungu, ndipo pafupifupi onse ndi a chifuwa ndi mikono. Ndinkakhulupirira kuti thupi likapanda kuphwanya m'mawa mwake ndiye kuti sindinagwire ntchito. Anzanga ankati kuphwanyako ndi asidi amene watsalira m'minofu, ine n'kumavomera. Si zoona. Asidi amene amatchulidwayo amachoka m'magazi pakangotha ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, pamene kuphwanya kumafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72. Kumabwera makamaka ukachita chinthu chachilendo, kapena ukamatsitsa cholemera mnofu ukutalika uku ukulimbana nacho. Ukazolowera kumachepa, koma mnofu umakulabe. Kuphwanya si muyeso wa kukula, ndipo manambala anga a mwezi umenewo akuchitira umboni: anaima malo amodzi, ena anatsika.

Mwezi womwewo ndi pamene ndinapweteka phewa. Mnzanga wina, wamsinkhu wanga koma wojintcha kale, anagona pabenchi n'kukankha makilogalamu 50. Ine ndinali pa 35, koma sindinafune kuchotsa zitsulo anthu akuona. Ndinatsitsa kamodzi, kawiri, msana utapindika ngati uta, zigongono zitatambasukira kunja. Kachitatu ndinamva kulasa kutsogolo kwa phewa la kumanja. Bambo wina wachikulire amene amaphunzitsa pamalopo anagwira chitsulocho n'kuchibwezera pamalo pake.

“Mphwanga, chitsulo ichi ukunyamulira ndani?” anandifunsa motsitsa mawu.

“Ndimafuna ndione ngati ndingathe, achimwene.”

“Waona. Tsopano chotsa zonse, utsale ndi ndodo yokhayo. Undionetse ka 10 mosathamanga, mapewa atakanikizika pabenchi, zigongono zitayandikira nthiti.”

Ndodo yopanda kanthu, makilogalamu 20, inanditulutsa thukuta, chifukwa kanali koyamba kuitsitsa ndikuilamulira m'malo moigwetsa. Phewa linanditengera milungu itatu kuti lisiye kulasa. Kuyambira pamenepo ndimasiyanitsa zowawa ziwiri. Kuphwanya kwa mnofu kumakhala kofalikira, kumachepa ukatenthetsa thupi. Kulasa kwa pamfundo, paphewa, pabondo kapena m'munsi mwa msana, kumakhala pamalo amodzi, ndipo kumeneko n'kofunika kusiya pomwepo. Pali chizindikiro chinanso chimene wongoyamba aliyense ayenera kuchidziwa: ukachita mopyola muyeso, minofu n'kutupa kwambiri, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, thamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zotuluka m'mnofu wowonongeka zimatha kupweteka impso.

Bambo yemweyo ndi amene anandikonzera kalembedwe ka m'kope. Masiku atatu pamlungu, ndi tsiku lopuma pakati. Zochita zochepa koma zogwira thupi lonse: kunyonyomala ndi cholemera, kunyamula chitsulo kuchoka pansi msana uli chilili, kukankha pabenchi kapena mapushapu, kukankhira m'mwamba, kudzikoka pachitsulo, ndi kukokera cholemera kumimba. Chilichonse maseti atatu (seti ndi kubwereza chinthucho kangapo motsatizana usanapume), seti iliyonse kuyambira ka 8 mpaka ka 12, n'kusiya ukuona kuti ukanatha kuwonjezera kamodzi kapena kawiri mosapindika. Ukafika ka 12 m'maseti onse atatu, wonjezera kachitsulo kochepetsetsa kamene kalipo, n'kuyambiranso pa 8. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, m'malangizo ake a 2020 limanenanso kuti ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa minofu ndi mafupa masiku osachepera atatu pamlungu.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti kuwonjezera pang'onopang'onoku kuli ndi mbiri yake. Agiriki akale ankasimba za Milo wa ku Croton, katswiri wogwetsana, amene amati ankanyamula kamwana ka ng'ombe tsiku ndi tsiku mpaka kanakula ali nako paphewa. Imeneyo ndi nthano, koma mbiri yotsimikizika ndi ya Thomas DeLorme, dokotala wa asilikali a ku America, amene mu 1945 analemba za mmene ankachiritsira asilikali ovulala pankhondo yachiwiri ya padziko lonse powanyamulitsa zolemera zimene ankaziwonjezera iwo akamalimba. Mu 1948, pamodzi ndi Arthur Watkins, anafotokoza njira ya maseti atatu a ka 10. Zimandisangalatsa kuti dongosolo limene anyamata timatsatira pofuna dzitho linayambira m'chipatala, pa miyendo yofooka ya anthu ofuna kuyendanso. Limandikumbutsa kuti linapangidwira munthu woyambira pansi.

Kunyumba nkhawa inali ina. Tsiku lina amayi ataona ndikupaka phewa lija anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Iwe, zitsulo zakozi zikupinimbiritsa. Mafupa ako sanakhwime.”

“Amayi, ndipatseni mlungu umodzi ndifufuze. Ndikapeza kuti n'zoona ndisiya.”

Sindinawaone ngati akunena zopanda pake, chifukwa mantha awo ali ndi pogwira. Kumapeto kwa mafupa aatali a munthu amene akukula kumakhala kachigawo kofewa kamene fupa limatalikirapo, ndipo kamatsekeka munthu akamamaliza kukula. Kakavulala kwambiri, fupa likhoza kukula mokhota kapena kusiya kutalika. Koma kuvulala kotero kumabwera ndi ngozi: kugwa, kugwetsa chitsulo, kunyamula zopyola msinkhu popanda wokuyang'anira. Bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, mu lipoti lake la 2020 linanena kuti masewera onyamula zolemera, akakonzedwa bwino ndi kuyang'aniridwa, sasokoneza kutalika kwa mwana. Ndinawafotokozera amayi zonsezi, ndipo tinapangana kuti sindidzanyamula cholemera kwambiri ndili ndekha. Iwo anatenga pensulo n'kulemba mzere pamphuthu ya chitseko pamene panalekeza mutu wanga.

Chimene chimapinimbiritsadi ndi china, ndipo ndinakumana nacho. Mnyamata wina anandikokera pambali n'kundionetsa kabotolo ka mapiritsi, akuti m'miyezi iwiri anthu sadzandizindikira. Anali ma steroid. Mankhwala amenewa amatsanzira homoni yachimuna yotchedwa testosterone, ndipo kwa munthu wa msinkhu wathu amatha kutseka msanga kachigawo kofewa kaja, munthu n'kutsala wamfupi moyo wake wonse. Amabweretsanso ziphuphu, kumera mawere kwa anyamata, kufota kwa machende, ndiponso amawononga chiwindi ndi mtima. Ndinakana, koma sindibisa kuti usiku umenewo ndinaganizira za kabotoloko. Zithunzi za pa Instagram ndi TikTok zimakupangitsa kudziona wochepa, ndipo sizikuuza kuti munthuyo wanyamula zaka zingati, waima pakuwala kotani, kapena wamwa chiyani. Ngakhale pakati pa ife a zaka zofanana, wina anatha msinkhu kale pamene wina akungoyamba kumene, ndipo testosterone wa m'matupi mwathu ndi wosiyana. Mnzanga wa makilogalamu 50 uja sanali wakhama kuposa ine. Thupi lake linangotsogola.

Za kadyedwe sindichulutsa, chifukwa zinakhala zophweka kuposa mmene otsatsa malonda amazionetsera. Mu 2018 Morton ndi anzake anaphatikiza zofufuza 49 zimene zinachitika pa anthu akuluakulu, ndipo anapeza kuti phindu la mapuloteni pa kukula kwa minofu limalekezera cha pa magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Ine ndinkalemera makilogalamu 55, ndiye ndinawerengera magalamu 88. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya mkaka pafupifupi 8, ndipo nyemba, nsomba ndi nyama zimakwaniritsa zotsalazo. Ufa wa mapuloteni wa m'zitini sindinaugulepo. Vuto langa lenileni linali kudya mochepa, poti thupi limene likutalika n'kumanganso minofu limafuna chakudya chokwanira cha mitundu yonse.

Tulo ndiye tinandidabwitsa. Akatswiri a za tulo a American Academy of Sleep Medicine amati wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10, ndipo homoni yokulitsa thupi imatuluka yambiri munthu ali mtulo tofa nato. Ndinkaziwerenga ngati malangizo wamba mpaka dzulo pamene ndinaona masamba a nthawi ya mayeso. Milungu itatu imene ndinkagona maola asanu ndikuwerenga usiku, palibe nambala imene inasuntha, ndipo m'mphepete ndinalemba kawiri kuti “chitsulo chalemera lero”. Mayeso atatha, ndikugona bwino, manambala anayambanso kukwera popanda kusintha china chilichonse. Pa nthawiyo sindinazigwirizanitse. Zaonekera nditaika masambawo pamodzi.

Tsamba lomaliza likuti mapushapu 34, kudzikoka pachitsulo ka 8, benchi makilogalamu 47.5 ka 9, mkono masentimita 30. Makilogalamu 50 aja sindinawafikebe. Madzulo amayi anandiimikanso pamphuthu ya chitseko, anaika buku pamutu panga n'kulemba mzere watsopano, masentimita 4 pamwamba pa wakale uja. Kope latsopano ndalijambula kale mizere, ndipo ndawonjezera danga limodzi limene m'lakale munalibe, la maola amene ndagona. Lolemba ndiyamba ndi kunyonyomala, makilogalamu 55 ka 8.