Khoti litha kufufuta statutory demand, koma masiku 21 aja silingawonjezere

Anzanga amene mwatsegula timakampani kuno ku Australia, kaya ka zokilina, kaya ka mathiraki, pali kalata ina ikafika musaiunjike limodzi ndi ma invoice ayi. Dzina lake statutory demand. Amatumiza ndi munthu amene akuti kampani yanu ili naye ngongole, potsatira sekishoni 459E ya Corporations Act ya 2001, bola ngongoleyo ikhale yosachepera madola 4,000 (kale inali 2,000, anakweza mu 2021). Ikangofika muli ndi masiku 21 oti mulipire, mugwirizane naye, kapena muthamangire kukhoti kukapempha kuti kalatayo ifufutidwe. Mukakhala phee lamulo limangotenga kuti kampaniyo yagwa siingathenso kubweza ngongole, ndipo uja atha kupempha khoti kuti iitseke, alowe liquidator, munthu wogulitsa katundu wa kampani kuti alipire angongole.

Nanga ngati ngongoleyo mukuikana? Apa mpamene ine ndimaona kuti lamuloli analiganizira bwino. Jaji saweruza kuti wolakwa ndani, imeneyo ndi nkhani ya mlandu wina tsiku lina. Iye amangofuna kuona ngati mkanganowo uli weniweni. Pa mlandu wa Eyota ndi Hanave mu 1994, jaji McLelland anafotokoza kuti chofunika ndi mfundo yomveka yoyenera kufufuzidwa, osati kungokana pakamwa popanda chogwirika. Ndiye ngati muli ndi ma imelo osonyeza kuti munadandaula kalekale kuti katundu anabwera wowonongeka, muli pabwino ndithu.

Kenako khoti limachita masamu, sekishoni 459H. Tiyerekeze akufuna 30,000. Pa ndalamayo 12,000 mukuikana ndi zifukwa zomveka, komanso iyeyo ali nanu ngongole ya 15,000 pa ntchito ina. Yotsala ndi 3,000, siikufika pa 4,000, apo khoti liyenera kufufuta kalatayo basi. Koma yotsalayo ikafika 4,000 kapena kuposa, khoti litha kungoidula kalatayo kuti inene ndalama yotsalayo, ndipo imawerengedwa ngati inali choncho kuyambira tsiku lomwe munailandira. Ambiri amadabwa apa, amapita akuganiza kuti ndi kuwina kapena kuluza, osadziwa kuti atha kutuluka ndi ngongole yochepa koma yoti alipire msangamsanga.

Pali zinanso. Sekishoni 459M imalola khoti kufufuta kalatayo koma nkuika malamulo ake, mwina kuti muyambitse mlandu weniweni pofika tsiku lakuti, mwina kuti ndalama ina muisungitse kukhoti. Zimenezi ndimagwirizana nazo chifukwa alipo ena amakana ngongole pongofuna kugula nthawi, pamene mnzawoyo nayenso ali ndi antchito oti awalipire. Kalata ikakhala ndi zolakwika, 459J imati ifufutidwe pokhapokha ngati cholakwikacho chingakupondereni kwambiri, kaspelo kolakwika kokha sikangakupulumutseni. Ndipo wotumiza akaluza atha kuuzidwa kuti alipire ndalama zanu za maloya.

Chimene chimandiwawa ndi masiku 21 aja. Khoti lomweli lokhala ndi mphamvu zonsezi, pamenepa manja ake ndi omangika. High Court, khoti lalikulu kwambiri kuno ku Australia, inagamula mu 1995, pa mlandu wa David Grant ndi Westpac, kuti nthawiyi siwonjezeredwa, kaya munadwala kaya munali kumudzi kumaliro. Ndipo sikungopereka mapepala kukhoti kokha ayi, pempho lanu ndi afidaviti (umboni wolemba molumbira) zonse zikhale zitafika kwa wotumiza kalatayo masikuwo asanathe, komanso afidavitiyo inene zifukwa zanu momveka, chifukwa kuyambira mlandu wa Graywinter mu 1996 makhoti salola kuti mudzabweretse chifukwa chatsopano mochedwa. Mukaphonya, pa mlandu wotseka kampani simungangoyamba kunena kuti ngongoleyo ndi yabodza, sekishoni 459S imafuna chilolezo cha khoti kaye, ndipo sichibwera mophweka.

Ndikumvetsa kuti amafuna zinthu ziziyenda mwachangu, koma kampani yaikulu ili ndi maloya okonzeka, pamene ya anthu awiri kalatayo imakafikira ku registered office, adiresi imene kampani inalembetsa kuboma, nthawi zambiri kwa akauntanti, nkukhala pa desiki sabata yonse masiku akuwerengedwa. Nthawi ya Covid mu 2020 boma linatalikitsa nthawiyi kufika miyezi 6 kwakanthawi, ndiye sikuti nzosatheka kuisintha. Panopa tinabwerera ku 21. Chonde lowani pa webusaiti ya ASIC, bungwe la boma loyang'anira makampani, muone adiresi imene munalembetsa, ndipo akauntanti wanuyo mumuuze kuti kalata yotere ikafika akuimbireni tsiku lomwelo.