Timibulu ta utuchi m'khola la makoswe

Anzanga oweta makoswe, ine timibulu ta utuchi ndimatikonda, koma osati kuyala khola lonse.

Ubwino wake ndi mkodzo. Timibuluti tikanyowa timafufuma n'kusanduka utuchi, ndiye umaona msanga pomwe panyowa, n'kuchotsa pomwepo. Fungo la amoniya, mpweya wonunkha wochokera mumkodzo, limachepa kwambiri, ndipo izi si nkhani ya mphuno zathu zokha. Makoswe ambiri oweta amakhala ndi kachilombo ka Mycoplasma pulmonis koyambitsa matenda a m'mapapo, ndipo amoniya akachuluka m'khola matenda a m'mapapo amakula. Khoswe akayamba kuyetsemula pafupipafupi kapena kutuluka zofiirira m'maso ndi m'mphuno, mtima wanga umawawa.

Chovuta n'chakuti timibuluti n'tolimba. Timapweteka kumapazi, komanso khoswe sangakumbemo, pomwe kukumba ndiye moyo wake. Ine ndimatithira m'kabeseni ka pakona pomwe amachitira chimbudzi, kwina konse ndimayala mapepala ong'ambang'amba.

Pogula samalani. Za mtengo wa cedar zipeweni, mafuta ake amawononga mapapo. Ngati ndi paini, akhale woumitsidwa mu uvuni. Timibulu tosonkhezera moto tina timakhala ndi mankhwala, choncho werengani pathumba kaye. Utuchi ukachuluka pansi, uchotseni fumbi lisanayambe kuwuluka.