Ndinkayesa amandikonda

Kwa miyezi ingapo ndinkadziona ngati munthu wokondedwa kwambiri kuntchito kwathu. Ndikangotsegula pakamwa, wina ankapisa m'thumba n'kundipatsa siwiti, wina chingamu. Abwana nawo ndikalowa mu ofesi mwawo ankathamangira kutsegula zenera, ngakhale kunja kukuzizira. Ine n'kumauza mayi a kunyumba kuti mwina andikweza posachedwa.

Amene anaulula ndi mwana wanga wa zaka 4. Ndinamunyamula kuti ndimunong'oneze kanthu, iye n'kutsina mphuno, n'kukuwa alendo ali pomwepo: "Adadi, m'kamwa mwanumu mwafera khoswe?" Ndinayang'ana mayi ake kuti amudzudzule. Iwo maso kudenga, ziii.

Usiku ndinanyambita kuseri kwa dzanja, n'kudikira kuti malovu aume, n'kununkhiza. Abale inu! Ndinachita kubwerera m'mbuyo ndekha. Kani mphuno imazolowera fungo la mwini wake, ovutika amakhala anzako.

Kwa dokotala wa mano ndinafika ndi matama. "Adokotala, ine ndimatsuka mano m'mawa uliwonse." Iwo anakonza kaye masiki yawo bwinobwino, n'kufunsa, "Nanga lilime, bambo?" Ndinadabwa. Lilime amatsukanso? Anandipatsa kalilole. Kumbuyo kwenikweni kwa lilime kunali kutayanga zoyera ngati nkhungu. Anati pamenepo ndiye pamudzi pa mabakiteriya: amadya zotsalira za chakudya n'kumatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lovunda. Malovu ndi amene amatsuka m'kamwa, n'chifukwa chake fungo limakula m'mawa, poti munthu ukagona malovu amachepa. Ine madzi sindinkamwa kwenikweni, fodya ndinkasuta, ndipo maswiti a shuga aja ankangowanenepetsa adani angawo.

Kenaka anatenga kaulusi n'kukalowetsa pakati pa mano am'mbali, pomwe mswachi sufika. Kanatuluka ndi kachidutswa ka nyama. Ndinakazindikira ndithu, kanali ka Lamlungu. Tsikulo linali Lachinayi. Nkhama nazo zinatuluka magazi, ndipo anati zayamba kutupa, zomwenso zimabweretsa fungo. Pamene ankandilangiza zotsuka mano kawiri pa tsiku kwa mphindi 2, kupala lilime ndi kusintha mswachi pakatha miyezi 3, ine ndinkawerengera chamumtima zaka za mswachi wanga. Unali wamkulu kwa mwana uja.

Patatha milungu iwiri ndikuchita zonsezo, fodya nditamusiya movutikira, abwana anayamba kulankhula nane zenera lili chitsekere. Za kukwezedwa sanatchulepo. Maswiti nawo anasiya kubwera. Dzulo ndinachita kupempha kwa mnzanga amene ankandipatsa atatu pa tsiku, iye osatembenuka n'komwe: "Achimwene, mwachira. Muzigula anu."